Lero Tsinzinani Ndinu, Amayi

Pamzere wolandirira mankhwala a khate ku Mua, m'chaka cha 1964, amayi awiri osadziwana anakhala pansi pa mtengo wa mango. Wamkulupo ndiye anayamba kufunsa mnzakeyo, amene zala zake zinali zokulunga nsanza.

"Muli ndi mwana, mayi?"

"Mmodzi yekha, Felesita. Ndi wamng'ono, sanayambe n'komwe kugula mano."

"Ndiye mwamusiya akusewera ndi anzake?"

"Anzake ati? Chiyambireni matendawa, ana akangoyandikira pakhomo panga, amayi awo amawaitana. Bambo akenso anakakwera sitima pa Golomoti, mpaka lero."

"Nanga amatani tsiku lonse?"

"Timasewera awiriwiri pakhonde. Ndimaika zinthu mumphika, iye n'kutsinzina, n'kupisamo dzanja kuti anene chimene wagwira. Lero nyemba, mawa thonje, mkuja dothi lonyowa. Mankhusu a mpunga ndiye amamuseketsa, akuti amamugirigisha."

"Ameneyotu ndi wochenjera."

"Salakwitsa. Koma dzana anandilanda mphika n'kunena kuti, 'Lero tsinzinani ndinu, amayi.'"

"Ndi manja amenewa?"

"Ndikanakana bwanji? Zala izi zinafa kalekale, ngakhale khala la moto sindilimva. Ndinatsinzina, iye n'kundiika kanthu m'manja."

"Munakadziwa?"

"Ndinati chinangwa, anaseka. Ndinati chitsononkho, anasekanso. Nditati mwala, mwana uja analeka kuseka."

"Ayi mayi, nanga kanali chiyani?"

"Nditatsegula maso, ndinapeza kuti ndi dzanja lake."