A Makutu ndi Vani ya Mkamwini Wawo

Malemu amene tikuwaperekeza lero, omwe tonse tinkangowatchula kuti a Makutu, anabadwa mu 1957 kumudzi kwa amayi awo. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaiyamba mochedwa, ndipo analekezera sitandade 8 bambo awo atamwalira. Amalume awo, omwe ankalondera pagalaja ina m'tauni, ndiwo anawapezera ganyu yotsuka zitsulo. Kuchokera pabeseni la mafuta akuda lija, anaphunzira za magetsi a galimoto mpaka anatsegula galaja yawoyawo kuseri kwa nyumba mu 1989.

Dzina la Makutu linachokera pantchito. Munthu akabwera ndi galimoto yokana kulira, iwo sankathamangira sipanala. Ankangoti, "Tembenuzani kiyi, ine ndimve," n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera miseche ya kuseri kwa mpanda.

Anamanga banja mu 1982, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Kutchalitchi ankaimba besi m'kwaya ya abambo. Chilichonse cha waya chikafa, kaya babu kaya zokuzira mawu, anthu ankayang'ana kumene akhala iwo.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi akhala akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Mbiri ikanathera pamenepa, koma mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo woyamba, wapempha kuti zotsatirazi ziwerengedwe pamaso pa anthu.

Mkamwiniyu ali ndi vani yakale imene amaperekera mazira m'magolosale. Miyezi inayi yapitayo, vaniyo inakana kulira pabwalo la apongozi ake. Akatembenuza kiyi, inkangoti kha! basi. Malemu anamva ali pakhonde. Anamuuza kuti ayatse magetsi akutsogolo, atembenuzenso kiyi. Magetsi sanafooke.

"Batire ilibe mlandu, mkamwini," anatero. "Ikanakhala batire, magetsiwa akanachita tulo. Mabulashi a m'sitata ndiwo atha. Mubwere nayo Loweruka ndidzaitsitse."

Kenako anagogoda sitata ndi sipanala, vani n'kulira. "Izi n'zongokufikitsani kunyumba," anamuchenjeza. "Si mankhwala ayi."

Loweruka limenelo mkamwini sanabwere. Ankachita manyazi kuti apongozi ake, miyendo itatupa ndi matenda aja, agone pachiguduli kunsi kwa galimoto yake. Koma wati tisabisenso mbali inayi: Loweruka ndi tsiku la malonda, ndipo kugogoda kuja kunkathandiza. Sipanala inapeza malo kunsi kwa mpando. Akakumana, malemu ankafunsa, "Wodwala wanga uja akupeza bwanji?" Iye ankati, "Akupezako bwino, bambo," onse n'kuseka.

Lachiwiri m'mawa malemu anagwa akusesa m'galaja. Mkamwini anali pomwepo, atabwera kudzatula mkazi wake. Anawanyamula n'kuwagoneka kumbuyo m'vani, mutu uli pamiyendo ya amayi, mkazi wa malemu. Anatembenuza kiyi. Kha! Anatsika, nagogoda. Kha! Anagogoda mpaka zala zinatuluka magazi. Malemu, pakamwa patapotoka, analankhula movutikira: "Musaivutitse. Yatha. Kankhani." Amenewo ndiwo mawu awo omaliza.

Kunali kutagwa mvula, ndipo kanjira kotulukira pabwalo n'kokwera. Oyandikana nawo anasonkhana, amayi ndi abambo, kukankha m'matope. Galimoto ina imene anaiimbira foni inali kutali. Pomwe vani imalira, n'kuti patatha pafupifupi ola.

Malemu anagonekedwa m'chipatala masiku awiri, ndipo anatisiya Lachinayi masana. Dokotala anati palibe angadziwe ngati ola lija likanasintha kanthu. Mkamwini akuti mawu amenewo wawamva, koma sakumukhazika mtima pansi. Amayi anamuuza kuti, "Munawanyamula ndinu, bambo. Matope aja anathera pa inu. Ine ndilibe nanu mawu."

Dzulo mkamwini analowa yekha m'galaja ya malemu, nagona pachiguduli chawo, natsitsa sitata. Mabulashi anali atatheratu, monga ananenera. Ntchito yonse, kuphatikizapo kukagula atsopano, sinafike maola awiri.

Vani imene yanyamula bokosi lero ndi yomweyo, chifukwa amayi anakana galimoto ina iliyonse. Yalira kiyi atangotembenuzidwa kamodzi. Mkamwini anakhala chigwirire chiwongolero, osatha kuchotsa phazi pabuleki, mpaka mlamu wake anamutsitsa n'kuyendetsa iye.

Malemu asiya mkazi, ana aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, akamwini awiri, mtengwa mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndiponso mchemwali wawo wamkulu amene sanathe kufika chifukwa cha ukalamba.

Bambo athu a Makutu, ntchito anaigwira. Apumule mu mtendere.