Zitsa za m'munda mwa atate

Lero Lachitatu ndadzuka mtima uli m'mwamba. Ndine mtsikana wa giredi 10 kuno ku Mnkhanya. Dzulo aphunzitsi anationetsa zithunzi za nkhalango yathu yotetezedwa zojambulidwa ndi setilaiti. Analoza pomwe mitengo yatha, nati, "Lachisanu tikawerenge zitsa apa, tizijambule pa foni, titumize kwa ofufuza za nkhalango."

Malowo ndinawazindikira. Pamenepo ndi munda umene atate anatsegula njovu zitatidyera chimanga chonse m'munda wakale.

Mnzanga, mwana wa sikauti wolondera nkhalangoyo, anandinong'oneza kuti, "Iwe, si kwanu uku?"

Omvera anzanga, ndikawerenga zoona, atate sadzalandidwa mundawo? Ndikanama, aphunzitsi ndidzawayang'ana bwanji?

Mawa ndiwauza atate ndekha. Ndiwapempha atitsogolere okha kumundako, akafotokoze tikuwajambula pa foni, kuti ofufuzawo amvenso za njovu.