Makapisozi a Nelesi ndi Nkhuku za Atate

Olemekezeka a Nduna amene mwaimira kunyumba yaufumu. Olemekezeka a Khansala a dera lathu. Ba Dailes, anesi a pakiliniki yathu. Ba Sanford, alangizi a ziweto. Aphunzitsi anga, amene mwandibwereka jekete ili. Abusa a mipingo yonse, amayi ndi atate, ndi anzanga a sukulu amene mwakwera mumtengo uko, landirani ulemu wanga.

Lero kwacha ndi kamphepo kozizira ka Ogasiti, kouluza fumbi ndi masamba ouma. Pobwera kuno ndamva chigayo cha pa Bundabunda chikuyamba kugunda, mabelu a ng'ombe zopita kudibi, ndi malole akulira patali mumsewu waukulu. Atambala okha ndiwo ndamva ochepa, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake: chitopa chayambanso kuzungulira m'midzi.

Dzina langa ndine Bwezani, ndili giredi teni. Pampando uwu pamakhala anthu obwera pa galimoto, koma ine ndabwera wapansi. Komiti ya zaumoyo itandiuza kuti ndikhale mlendo wolemekezeka potsegulira chipinda cha mankhwala a ziweto, ndinaganiza kuti asokoneza ndi Bwezani wina. Mpira sindisewera, kwaya sindiimba. Kusukulu amanditcha Kadzidzi, chifukwa ndimangokhala phee n'kumayang'ana. Ndiye ndikuuzani zimene ndinaona. Atate ali apo, ndipo andilola. Anati, "Kamba chabe, koma osaikamo boza."

Chaka chatha, mwezi ngati uno, mlongo wanga Nelesi, wa zaka zisanu ndi zinayi, anadwala chifuwa ndi kutentha thupi. Ba Dailes anamupatsa makapisozi khumi ndi asanu, kuti azimwa katatu patsiku kwa masiku asanu. Atamwa masiku awiri thupi linazizira, anadzuka n'kuyamba kusewera fishifishi ndi anzake pabwalo.

Sabata yomweyo nkhuku zathu zinayamba kuwodzera. Zinali makumi atatu ndi imodzi, ndipo kwa ife nkhuku ndizo sopo, ndizo feteleza, ndizo nsapato za kusukulu. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinali pansi pa mtengo wa mango ndi buku langa. Ndinaona atate akutenga kapepala ka mankhwala pawindo, akutsegula makapisozi limodzilimodzi, ufa wake akuthira m'mbale ya madzi a nkhuku. Ndinawerenga. Anali asanu ndi anayi.

Amayi anafunsa kuti, "Atate ake Bwezani, si a mwana ayo?"

Atate anati, "Mwana wapola, simumuona akulumpha? Nkhuku ndiye zifa. Aliyense amachita tero."

Sananame. Aliyense ankachitadi choncho. Ine, kunena zoona, ndinali ndi chidwi chofuna kuona ngati nkhukuzo zichira. Za Nelesi sindinaganize.

Nkhuku zinapitiriza kufa, zisanu tsiku lina, zisanu ndi ziwiri tsiku lotsatira, makosi atapindika. Patatha masiku anayi Nelesi anagonanso, ndipo ulendo uno ankapuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati. Tinamunyamula pa njinga mpaka pakiliniki ili pambaliyi. Ba Dailes anamuyeza, kenaka anatembenuka n'kufunsa kuti, "Mankhwala aja anatsiriza?"

Amayi anayang'ana atate. Atate anayang'ana chipewa chawo. Ndiye amayi anati, "Ee, anatsiriza."

Olemekezeka, kwathu mwana satsutsa makolo pamaso pa anthu. Koma ndinaona Ba Dailes atagwira cholembera, ndipo ndinazindikira kuti zimene alembe papepalalo zichokera pa yankho limeneli. Ndinati, "Sanatsirize. Anamwa asanu ndi limodzi. Otsala zinamwa nkhuku."

Ba Dailes sanakalipe. Anafunsa atate kuti, "Ba Lazarous, nkhuku zinapola?" Atate anapukusa mutu. Pomwepo Ba Dailes analemba zonse monga zinachitikira, n'kuitana ambulansi ya kuchipatala cha kuboma ku Chongwe. Amayi ndi atate anakwera ndi Nelesi. Ine ndinabwerera kunyumba ndi njinga, kukakwirira nkhuku.

Masiku amene ndinatsala ndekha ndinali ndi mafunso ambiri kuposa ndiwo. Ndinapita kwa Ba Sanford kudibi n'kuwafunsa chifukwa chake mankhwala ochiza munthu analephera nkhuku. Anaseka, nati, "Iwe Kadzidzi, chitopa sichimva makapisozi, olo uthire thumba lonse. Kachilombo kake ni ka mtundu wina. Chimafuna katemera, kadontho kamodzi m'diso, nkhuku isanadwale."

Ndinafunsanso kuti, nanga bwanji anthu amalumbira kuti zimathandiza? Anati nkhuku zina zimapulumuka zokha, ndipo ulemu umapita kwa kapisozi. Ba Dailes anandiuza mbali inayo. Mankhwala ukawasiyira panjira, matenda amatha kubwerera. Ndipo tikamawamwaza paliponse, m'madzi a nkhuku, m'zakudya za nkhumba, tizilombo timawazolowera, mpaka tsiku lina mankhwala omwewo amalephera kuchiza munthu.

Zimenezi zinandisowetsa mtendere. Ndinatenga kope n'kuyenda makomo makumi anayi m'midzi itatu, ine amene ndimaopa ngakhale kupereka moni. Makomo makumi awiri ndi asanu ndi anayi anavomera kuti anapatsapo ziweto mankhwala a kukiliniki. Ba Chomba anandionetsa chilonda cha pamwendo wawo chimene anapoperapo mankhwala a zilonda za ng'ombe, n'kunena kuti, "Ng'ombe ni nyama, naine nine nyama. Vuto ili pati?" Mayi wina anati ng'ombe ikabayidwa jakisoni m'mawa, madzulo mkaka wake amapatsa ana, chifukwa palibe anawauzapo kuti pamafunika kudikira masiku olembedwa pabotolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali wopusa. Onse ankanena chimodzi: kiliniki ili pafupi, koma mankhwala a ziweto ali kuboma, ulendo wa tsiku lonse.

Aphunzitsi anga anapereka kopelo ku komiti ya zaumoyo, komitiyo inakhala pansi ndi a kopaletivu, ndipo inu nomwe munaumba njerwa zomangira chipinda chino. Ndikuthokoza amene anatunga madzi, amene anaotcha uvuni, ndi amene anakwera padenga kuika sola kuti furiji ya katemera isazime. Kuyambira lero, Lachiwiri ndi Lachisanu Ba Sanford azipezeka muno, khomo loyandikana ndi la Ba Dailes, kuti wodwazika mwana ndi wodwazika mbuzi aliyense alowe pake. Ine ndikadali ndi mafunso. Sindikudziwa kuti mankhwala amene nkhuku yamwa amakhala masiku angati m'dzira, kapena amene atayidwa kudzala amathera kuti mvula ikagwa. Ba Sanford, konzekani, ndizibwera.

Ena mwa inu simunamve mmene zinathera. Kuchipatala adokotala anawerenga kalata ya Ba Dailes n'kuyamba jakisoni tsiku lomwelo. Patapita masiku khumi, Loweruka masana, minibasi inaima pamsewu. Anatsika amayi, atanyamula beseni ndi bulangete. Anatsika atate. Ndipo anatsika Nelesi, wowonda, diresi likumukhwepa, koma akuyenda yekha. Pakhomo anapeza ine ndi nkhuku zitatu. Atate anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anandipeza ndikutsuka mbale ya nkhuku ija, nati, "Unachita bwino, mwana wanga."

Tsopano, mwa mphamvu imene komiti yandibwereka kwa m'mawa uno wokha, ndikulengeza kuti chipinda cha mankhwala a ziweto cha dera lathu chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri nonse pondimvetsera.