Malemu Sanakane Kupita kwa Chulu

Akuwailesi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule.

Ndili ndi kapikiapu kakale komwe chaka chino katopa ndi kututa feteleza wa makuponi. Mwezi watha anandipempha kunyamula maliro a bambo ena kuchokera pa boma kupita kwa Chulu. Tili pakati pa minda ya fodya, injini inayamba kuphulika ngati mfuti, mphamvu n'kutha, kenako inazima.

Alongo awo a malemu anatsika akukuwa. "Achimwene akukana kupita! Alamu, nenani chomwe munawalakwira!"

Mayi amasiyewo anagwada m'fumbi pafupi ndi bokosi, akulira, akupepesa amuna awo.

Ine ndinali ku boneti. Mafuta ankafika, moto kumapulagi unalipo. Nditatsegula chivundikiro cha lamba wa taimingi n'kuzungulitsa injini, ndinaona chizindikiro cha pa kamushafuti chitaphonyana ndi chinzake ndi mano awiri. Lamba anali atalumpha, lamba yemwe ndinkadziwa kuti watha. Ndinamubwezera pamalo pake n'kumukunga, galimoto n'kulira.

"Mwaona? Apepesa, achimwene avomera," anatero alongo aja.

Ndinangopukuta manja, za lamba uja osatchula, poopa kuti angandinene kuti ndanyamula maliro pa chiphapha cha galimoto.

Pano ndikumva kuti pamudzipo palibe amene akudya nawo mayi aja. Tikakumana pamsewu mayiwo amandithokozabe kuti ndinawathandiza, ine n'kumayang'ana pansi.

Inu a kwa Chulu, ngati wailesi mwatsegula, asiyeni mayiwo. Malemu sanakane. Anali lamba wanga.