Njerewere ya Bambo Ako

Chaka chimene unabadwa iwe Tadala, Lachiwiri lina m'mawa, agogo anu aakazi anali pakhonde pompano ku Chilomoni akusankha nyemba, ndipo anandituma kukagula anyezi. Pobwera ndinapeza anthu pabwalo, agogo anuwo atatisiya. Tinawaika m'manda Lachinayi.

Patapita miyezi iwiri unabadwa iwe, ndipo achibale anabwera kudzaona khanda. Inu lero mumangotumizirana zithunzi pafoni, koma kale kuona khanda kunali kufufuza: makutu, mphuno, zikhadabo. Mlongo wanga wa ku Bangwe anawerenga zala zako kawiri, napeza zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere. Anati kumtundu kwathu kulibe zotere, mayi ako afotokoze bwino kumene anakutenga. Bambo ako anasiya kudya pakhomo, ndipo mayi ako anayamba kulongedza zovala m'chikwama kuti abwerere kwawo ku Machinjiri.

Tamverani manyazi anga, ana inu. Zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinkaphunzitsa ana a eni kuti munthu amalandira malangizo a thupi lake, amene mukuwatcha majini, theka kwa bambo ndi theka kwa mayi, ndipo kuti china chimaonekera, china chimabisala n'kudzatulukira mwa mdzukulu. Koma mwana wanga ndinali ndisanamuuze za dzanja lake lomwe.

Ndinamuitana pamaso pa onse.

"Tandipatsa dzanja lamanzerelo. Aka m'mbalimu n'kachiyani?"

"Njerewere, bambo."

"Njerewere yanji yosatha kuyambira uli khanda?"

Ndinamuuza kuti nayenso anabadwa ndi kachala, ndipo mayi ake anakamanga ndi ulusi mpaka kanauma n'kugwa, monga anawachitira iwonso amayi awo. Masiku amenewo zotere sizinkanenedwa. Make mbuu, mwana mbuu.

Mlongo wanga sanagonje. Anati iye ankaona kale kuti dzanja la mlamu wake, malemu agogo anu, linali ndi kanthu. Tinaseka tonse, koyamba chichitikire maliro. Bambo ako anamasula yekha chikwama chija, napita kumsika kukagula nkhuku yopepesera, ndipo mayi ako anadya okha ntchafu zonse ziwiri.

Choncho ana inu, mukadzaona chachilendo pa khanda, musathamangire kuloza mpongozi. Yambani mwafunsa akulu, safunsa anadya phula. Ndipo za ulusi zisiyeni, pitani kuchipatala.

Adokotala anati kachala kako angakachotse sabata yomweyo. Ine ndinapempha kuti adikire pang'ono, poti kachalako kankandikumbutsa agogo anu. Anadikira miyezi isanu ndi umodzi.