Lamba Wakale wa Galamafoni

Basi inali itachedwa. Pa siteji, mayi wina wachikulire anafungatira galamafoni pamiyendo ngati khanda, ndipo bambo amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Yafa, mayi?"

"Ayi bambo, yachira. Vuto lake n'lomwelo."

"Kuchira n'kukhalanso vuto?"

"Mmisiri anagoneka foni yake pamene timaika mbale ya nyimbo paja, n'kuyizungulitsa. Pulogalamu ya m'fonimo inajambula mzere wokhotakhota ngati njira ya chidakwa. Akuti liwiro linkadzandira, n'chifukwa chake mawu ankakoka, kwinaku akunjenjemera. Atasintha lamba wozungulitsa mbale, mzere uja unawongoka kuti nyoo."

"Ameneyo ndiye mmisiri! Nanga mukupita nayo kuti?"

"Komweko, akandibwezerepo lamba wakale. Malemu amuna anga ankatsimphina. Tikamavina, nyimbo yathu ikafika podzandira paja, iwo ankapendekeka nayo limodzi n'kundigwira m'chiuno kuti asagwe. Chimwalirireni, ndikangotseka maso pamenepo, ndimamva dzanja lawo."

"Nanga pano?"

"Dzulo ndinatseka maso mpaka mbale yonse kutha. Nyimbo inayenda myaa, osapunthwa pena paliponse. Koma amuna angawo sanabwere."