Mayi Salome Semba ndi Mlendo Wawo

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, abale ochokera ku Nsanje ndi anansi athu a kuno ku Manja, tikukulandirani m'dzina la Ambuye. Zikomo kuti mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe.

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957 kwa Tengani m'boma la Nsanje. Sukulu analekezera Sitandade 6, chifukwa mayi awo atachita khungu panalibe wina wowagwira dzanja popita kudimba.

Mu 1977 anamanga banja ndi a Bonface Semba, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. A Semba anatsogola mu 2009. Malemu anagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina m'tauni mpaka 2012.

Atapuma pa ntchito, manja awo sanapume. Ankapita kuchipatala kukafunsa anamwino ngati m'wodi muli wodwala wopanda womudikirira, n'kukamusambitsa ndi kumumwetsa phala. Ankati Ambuye akamabwera sadziwitsa, amangogona pa bedi la kukona.

Mu Malichi 2023, namondwe atagumula phiri la Soche, malemu anakumana pa kampu ya anthu othawa matope ndi a Alidi, bambo amene akhala pa chikuku kutsogolo kunowa. Anali telala wa pakhonde ku Limbe. Matope anatenga nyumba ndi akazi awo, n'kuwathyola msana. Anthu a pa kampu atabalalika, palibe anabwera kudzawatenga. Malemu anawakankha pa chikuku mpaka kunyumba kwawo kukawasunga.

Ife abale tinadandaula: mayi wamasiye kusunga bambo wosakhala mbale, Msilamu ndithu, anthu anena chiyani? Anatiyankha kuti anthu anena, akatopa akagona m'nyumba zawo, nanga a Alidi akagona kuti? Anagula poto wapadera. Nyama ankakagula kubutchala ya Asilamu, ndipo nkhumba, imene ankaikonda koopsa, anaisiya. Lachisanu lililonse ankawasitira mkanjo n'kuwaperekeza mpaka pakhomo la mzikiti, iwo n'kudikira panja akung'ung'udza nyimbo za Mvano. Sanawauzepo kuti asinthe chipembedzo. A Alidi ankawaitana achemwali.

Mu Janyuwale chaka chino malemu anapezeka ndi khansa. Mwana wawo Vanessa anafuna kukawadwazikira ku Chigumula, koma anakana kusiya mlendo wawo yekha. Ali chigonere sanatchule za nyumba kapena katundu. Funso lawo linali limodzi: a Alidi apita kuti? Anatisiya pa 3 Ogasiti tisanawayankhe.

Dzulo banja linakhala pansi, ndipo yankho tilipereka pano, pamaso panu ndi pamaso pa bokosili. Malemu asiya ana atatu, Joseph, Vanessa ndi Sharon, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso mlongo mmodzi, a Alidi. Chipinda chimene malemu anawapatsa n'chawo mpaka Mulungu adzawaitane. Vanessa ndi banja lake asamukira m'nyumbamo sabata ino.

Tikuthokoza anamwino, amayi a Mvano amene anasinthana kudwazika, adzukulu okumba manda, ndi abale a kumzikiti amene anabweretsa nkhuni ndi mpunga.

Mayi Salome, funso lanu layankhidwa. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ndipo inu nonse, Mulungu wachifundo akutonthozeni, akuperekezeni bwino pobwerera, ndipo tsiku limene mudzasowe wokunyamulani, akutumizireni munthu. Ameni.